Nyali Ziwiri za ku Sary-Tal

Nkhani iyi ndinayamba kuimva chaka chimene lole yathu inafera m'mapiri, pa msewu wopita ku Osh. Nthawi imeneyo ndinkanyamula anyezi. Ndisanayambe za anyezizo ndinali nditapentako nyumba, nditawetako nkhosa za eni, nditagulitsako mawotchi. Ine malo amodzi amandiyabwa. Iwe Kubat, poti nyumba ya tiyi ino ndi yako, thira wina. Uyu wazizira.

Lole itafa, tinapempha malo kwa mkulu wina wogulitsa uchi m'mbali mwa msewu. Dzina lawo a Satybaldy. Anatinyemera buledi, natiikira uchi m'kambale. Pakhoma panali mahedifoni akale, atapachikidwa pa msomali. Nditafunsa, anati anayendetsa ndege zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

"Ndiye bambo," ndinatero, "usiku mumadziwa bwanji kuti bwalo ili ndi lanu? Nyali si zimangofanana?"

"Zimafananadi," anatero. "N'chifukwa chake tili ndi mboni zitatu. Bwalo lililonse lili ndi kawailesi koimba dzina lake m'makutu mwako, malikhweru aafupi ndi aatali. Mboni yachiwiri ndi muvi wokuuza makilomita otsala. Yachitatu ndi munthu wa pansanja, akunene kuti wakuona. Maso ndi mwana wamng'ono m'nyumba, amayankhula akuluakulu akatha. Ndipo pampando mumakhala awiri. Wina akangoti ‘Kwera!’ umakwera. Mafunso ukafunsira pansi."

Kenako anayamba.

M'chigwa cha kwawo munali mabwalo awiri. Lakale linali m'mudzi wa Sary-Tal. Latsopano analimanga ku tauni, makilomita makumi awiri kumtunda kwake. Mphepo ya m'chigwamo imawomba njira imodzi, choncho misewu yoterapo ndege inaloza kumodzi, ngati ana a mimba imodzi. Ukamachokera ku likulu, umayamba kudutsa lakalelo.

Mkazi wawo, Anarkan, ankagwira ntchito pa bwalo lakale. Magetsi panalibe. Ndege ikachedwa, iye ankayenda m'mbali mwa msewu woterapo ndi ngolo ya nyali za parafini, kuika imodzi, kuyenda, kuikanso ina. Koma akadziwa kuti akubwera ndi mwamuna wake, poyambira penipeni kumanzere ankaika nyali ziwiri zogundana. Akuluakulu a bwalo ankamukalipira. Iye ankangoti yinayo ndi yapadera, mwina inzake ingazime.

Bwalo lakale linatsekedwa. Alimi anakumba ngalande yothirira kudula msewu woterapo pakati, yakuya mpaka m'khosi. Patapita zaka zitatu, Anarkan anamwalira ndi chifuwa. Tsiku limenelo a Satybaldy anali m'mwamba.

Nyengo yozizira yotsatira, madzulo ena, ananyamuka ku likulu mochedwa chifukwa cha chipale chofewa. Anali ndi anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Ena ankapita ku ukwati, ena ankachokera kuchipatala, ndipo mayi wina anali ndi khanda lokulunga m'bulangete. Pampando wa kumanja panali woyendetsa mnzawo, Toktobek, mlongo wake wa Anarkan, bambo wa ana anayi, munthu wosatha nthabwala.

"Alamu," anatero Toktobek ali m'mwamba, "malaya amenewa munasita ndi chiyani? Ndi ketulo?"

"Werenga makilomita, galu iwe."

"Ndikuwerenga. Koma kolala imeneyo achemwali akanaiona, mukanagona ndi akavalo."

Anaseka onse. Kunja kunali kutada, mwezi kunalibe. Mitambo inali itachoka, chigwa chonse chili mbuu. Anayamba kutsika. Atakhota pa phiri lomaliza, anaona mizere iwiri ya nyali kutsogolo kwawo, yowongoka bwinobwino.

"Tafika," anatero a Satybaldy. Anachepetsa mphamvu ya injini.

Toktobek anakanikiza hedifoni ndi chala.

"Alamu, likhweru ndi la ku tauni ndithu, koma likumveka kutali."

"Kuzizira kumeneko."

"Muvi ukuti makilomita makumi awiri ndi anayi."

"Muvi umenewo unayamba kale misala."

Toktobek anaitana kunsanja. Munthu wa pansanja anayankha moyasamula. "Ndikukumvani, koma sindikukuonani. Muli kuti?"

Mboni zonse zitatu zinali zitakana. A Satybaldy anandiuza kuti anazimva zonse, ndipo manja awo anapitirizabe kutsitsa ndege. Chifukwa tsopano anali ataona bwino. Nyalizo sizinali zoyera ngati za magetsi. Zinali zachikasu. Zinkaphethira ndi mphepo. Ndipo poyambira, kumanzere, panali ziwiri zogundana.

Ndege inatsikabe. Denga la khola linadutsa pansi pawo. Mitengo. Mpanda.

Pambali pa nyali ziwirizo panaima munthu. Wamfupi, chikhotho chachitali, mpango kumutu. Dzanja limodzi linali pa chogwirira cha ngolo.

"Toktobek," ananong'ona a Satybaldy, "ukuona?"

"Ndikuona, alamu."

"Ndi iyeyo."

"Ndi iwowo."

Kumbuyo khanda linayamba kulira.

Apa mumvetse. Toktobek analeredwa ndi Anarkan. Mayi awo anamwalira iye ali ndi zaka zinayi, ndipo mlongo wakeyo ndiye ankamusambitsa, kumumeta, kumuperekeza kusukulu. Komanso kwathu kuno mukudziwa, wamng'ono salamula wamkulu, makamaka mwamuna wa mchemwali wake. Nthabwala inde, lamulo ayi. Zaka zonse anali asananenepo mawu amenewo kwa mlamu wake.

"Kwerani," anatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

A Satybaldy sanasunthe.

"Kwera, Satybaldy! Kwera!"

A Satybaldy anakankha zogwirira za injini mpaka kumapeto. Akuti si mtima umene unamvera, anali manja okha, ozolowera. Ndege inabangula, inanjenjemera, inadzutsa mphuno. Nyali zinathamanga pansi pawo. Kenako chinthu chakuda chinadutsa chopingasa, pafupi kwambiri. Ngalande ija.

Onse sanayang'ane m'mbuyo. Toktobek ankawerenga makilomita mokweza, misozi ikutsikira m'kolala. Makumi awiri. Khumi ndi asanu. Likhweru linakula m'makutu. Wa pansanja anati, "Eya, tsopano ndakuonani." Anatera bwinobwino. Anthu a ukwati anawomba m'manja. Mayi wa khanda potsika anawadalitsa, osadziwa kanthu.

Awiriwo anatsala m'ndege, injini zitazima.

"Ndikhululukireni, alamu. Ndakutchulani dzina."

A Satybaldy anangomugwira kumbuyo kwa khosi, ngati mwana.

Kutacha a Satybaldy anabwereka kavalo napita ku Sary-Tal okha. Chipale chinali chosalala, palibe phazi la munthu kapena la galu. Koma m'mbali zonse ziwiri za msewu woterapo munali timaenje tozungulira, pamene chipale chinasungunuka mpaka dothi kuonekera. Anayenda nato, kuwerenga. Atafika pafupi ndi ngalande anapeza timaenje tina khumi ndi tiwiri, titandandalikidwa chopingasa msewu. Pa ntchito yawo, nyali zopingasa choncho zimatanthauza chinthu chimodzi: pano usatere.

"Zinalipo usiku uja," anandiuza. "Toktobek akuti anaziona. Ine ndinkangoyang'ana ziwiri zija."

A m'mudzimo ananena zambiri. Amayi ena ankanong'ona kuti womwalirayo anasungulumwa, anabwera kudzatenga mwamuna wake, ndipo akanatenga ndi ena onse. Mbusa wina wa nkhosa analumbira kuti anamva ngolo ikulira mawilo dzuwa litangolowa. Anthuwo anaitana mkulu wa mzikiti, anapemphera pamalopo, anakazinga timikate m'mafuta kuti fungo lifikire akufa, monga timachitira.

A Satybaldy sanatsutsane ndi aliyense. Mwezi womwewo anakapereka kalata yosiya ntchito. Anati munthu amene wamva mboni zitatu n'kutsikabe, asanyamulenso ana a eni.

Ndinawafunsa kuti, nanga ngati Anarkan sankafuna kuti mutere, anayatsiranji?

Anapukuta supuni ya uchi nthawi yaitali.

"Popita ku bwalo latsopano tinkadutsa pamwamba pa Sary-Tal tili m'mwamba kwambiri," anatero. "Ndikuganiza ankangofuna ndidutse pafupi, andione."

Basi, ndi momwe ndinaimvera. Iwe Kubat, usandifunse ngati ndi zoona. Ndinkanyamula anyezi ine, sindinakwerepo ndege. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi nkhalamba ikulephera kumaliza tiyi wake.

Ayi, usathirenso. Ndikudziwa kuti nyama sinapse, mudya nokha. Dalaivala wa lole imene ndakwera waliza hutala kawiri, ndipo akuti akufuna tidutse phiri msewu usanaume ndi chisanu. Ndipatse chipewa changa, chili kumbuyo kwakoko. Tsalani bwino, abale.