Fulashi Yofiila ya Jerry

Mwamva zimene zinamuonekela Consolata wa ku Msanzala? Mwandi, ine mpaka lelo mselu sunathe!

Anakumana ndi Jerry pa siteshoni ya basi ku Nyimba, paja amagulitsa nthochi. Consolata anali akulimbana ndi kalaputopu kamene anamusiyila malemu amai ake. Kanali kochedwa ngati ngolo yodzala thonje.

"Kakukuvuta, chiphadzuwa?" anatelo mnyamatayo, uku akunyambita mafuta a nkhuku ku zala. "Ndikuikile Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Ndi yaulele, aliyense amakopa. Kazithamanga ngati mtima wangawu."

Consolata anaseka. Zosekela zimenezo, shuwa?

Madzulo meseji ya Jerry inalowa: "Shuga wa m'tiyi wanga, bwela nako kwathu ku Petauke mawa."

Anapitadi! Koma Jerry atanena kuti kuika Linux kufufuta zonse za m'katimo, Consolata anakakumbatila pachifuwa.

"Iyayi. Muli zithunzi za amai. Kulibenso kwina kumene zili."

"Bebi, ndizikopela mu fulashi yofiila iyi. Linux ili mu yakudayi. Ndikulonjeza, ndiisunga ngati diso langa."

Nchito inatha minibasi yobwelela kwao ikuimba kale hutala. Consolata anathamanga, zithunzi n'kutsala mu fulashi ya Jerry.

Kalaputopu kanayamba kuuluka, bodza ayi. Ukakayatsa, pa sikilini pamabwela nkhope ya Jerry atatsinzina diso limodzi. Pasiwedi? "wangayekha".

Loweluka Consolata anapita kwa Jerry osamuuza, atanyamula nshawa zokazinga. Pakhonde anapeza mtsikana wina, Vivian, ali ndi kalaputopu kake pamiyendo, Jerry atakhala pambali pake. Pa sikilini pake, nkhope yomweyo. Diso lomwelo! M'mbali mwa kalaputopu munali mutalowa fulashi yofiila.

"Jerry, fulashi iyo ikutani umo?"

Jerry anakanda m'khwapa. "Aa, bebi... yakuda ija inasowa. Ndiye Linux ndinaiika mu iyi."

"Nanga zithunzi za amai?"

"Zithunzi?" Vivian analowelela. "Dzulo kompyuta inamufunsa ngati afufute zonse za mu fulashi, iye n'kuvomela. Anandiuza kuti munali nyimbo zakale."

Nshawa zinamwazika pansi.

Jerry anayang'ana Consolata. "Usalile, shuga wa m'tiyi wa..."

"Wati ciani?" Vivian anaimilila. "Shuga wa m'tiyi si ndine?"

"Pasiwedi yako ndi 'wangayekha', eti?" anafunsa Consolata.

"Wadziwa bwanji?" anakuwa Vivian.

Mukudziwa zimene anacita Jerry? Anawelama, n'kutola nshawa m'dothi, n'kuponya m'kamwa. Akutafuna comweco anati, "Asikana, tiyeni tikambilane ngati anthu akulu."

Nyansi!

Consolata sanatukwane. Analavula pansi, n'kutembenuka.

Atafika kunyumba anayatsa kalaputopu, ndipo kanayaka msangamsanga. Anasintha pasiwedi. Anacotsa nkhope ija. Kenako kalaputopu kanamuuza kuti asankhe cithunzi cina coika pa sikilini.

Anatsegula foda ya zithunzi. Munalibe kanthu.

"Amai," ananong'ona, "ndikhululukileni."

Mpaka lelo sikilini yake ndi yakuda bii.