Mluzu wa a Ngozo

Kumtunda kwa Kandeu, kumene mbatata imalimidwa mpaka m'mphepete mwa phiri, aliyense ankaudziwa mluzu wa a Ngozo. Dzuwa likapendeka, mkuluyu ankaima pachipata cha khola n'kuimba mluzu wautali, kenako n'kufuula mawu achingoni amene ana a masiku ano sawadziwa: "Wozani! Wozani ekhaya!" Ng'ombe zinkatsika zokha, mondondozana.

Ndiye kunabwera sitiroko. A Ngozo anafa mbali imodzi, miyendo inakana, mawu anatsekeka. Ng'ombe nazo zinakana. Mwana wawo Fanizo, wokonza mafoni pa Kandeu, ankaimba mluzu mpaka milomo kuuma, izo osatukula n'komwe mutu. Zinayamba kugona kuphiri, ndipo akuba anatengapo imodzi.

"Loweruka tigulitsa zonse," anatero amalume ake a Fanizo. "Kapena ukudikira kuti zithe?"

"Ndipatseni mpata, amalume. Bambo akadali ndi kampweya. Ndikajambula mluzu wawo, ndiukweza ndi sipika."

"Iwe ndi timawaya tako!"

Fanizo anali ndi kakompyuta kochepa ngati chikhatho, kopanda chikuto, kolumikiza ku sikirini yakale. Anabaya maikolofoni pakabowo ka mahedifoni. Zii. Anasintha waya, anasintha maikolofoni, anafuula mpaka mlongo wake Zione anafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Kakompyuta kanali gonthi.

A Kareem, a sitolo ya zamagetsi, anaseka atamva. "Achimwene, kabowo kameneko kamangotulutsa mawu, sikalowetsa. Tengani kachipangizo aka kobaya pa USB, kali ndi polowetsera mawu."

Lachisanu madzulo anakabaya. Ziinso. Anafufuza paliponse. Kenako anazindikira kuti kakompyuta kakumvetserabe kukabowo kakale kaja, n'kukalozera ku USB kuja. Anapezanso kuti mlingo wa mawu olowa uli pansi penipeni. Anaukweza. Atatsokomola, kamzere kobiriwira kanadumpha pa sikirini.

"Zione! Kamva! Kamva!"

Anathamangira nako kuchipinda cha bambo ake, n'kugwada. "Bambo, itanani ng'ombe. Pang'ono pokha."

A Ngozo anayesa. Milomo inanjenjemera, mtsempha wa pakhosi unatupa. Kunangotuluka mpweya. Msozi unatsikira m'khutu. Fanizo sanawakakamizenso. Anaika kakompyuta pawindo loyang'ana kukhola, kali pa batire, osakumbuka kukazimitsa. Anakhoma chitseko cha nyumba n'kugona ndi nsapato zomwe.

Anadzidzimuka kunja kuli mdima wandiweyani. Agalu a m'mudzi monse anali chete.

Mluzu.

Wautali, wokwera kumapeto. Sunali wa munthu wina koma wa bambo ake.

"Wozani! Wozani ekhaya!"

Fanizo anakhala tsonga. Anatchera khutu kukhoma. Kuchipinda chinacho bambo ake ankapuma mwa masiku onse, movutikira, ngati munthu wokoka thumba. Kunja mluzu unaliranso.

Kuphiri nkhunzi inayankha. Patapita nthawi kunamveka ziboda, zambiri, zosathamanga. Mitengo ya pachipata inasololedwa umodziumodzi, kenako n'kubwezeredwa. Fanizo anangomvetsera ali pogona pake.

"Achimwene," ananong'ona Zione kuchipinda kwake, "mukumva?"

"Khala momwemo. Usatsegule."

Mapazi anachoka kukhola kubwera kunyumba. Anaima pawindo. Anakhalitsa pomwepo.

Kutacha, ng'ombe zonse zinali m'khola zikubzikula. Chingwe cha pachipata chinali ndi mfundo imene ankamanga a Ngozo okha. Eni akewo anali gone pamphasa monga anawasiyira, ndipo chitseko chinali chikhomere. Koma Zione atawafundukula kuti awasambitse, anapeza mapazi ali matope okhaokha, chisoso chitamatirira m'miyendo.

Fanizo anatsegula zimene kakompyuta kanajambula. Amalume ndi anansi anaunjikana pakhonde. Mphepo. Nkhululu. Kenako mluzu, womveka ngati mwini wake waima pomwepo, ndi mawu amphamvu a masiku aja. Ziboda. Mapazi akuyandikira. Kupuma pafupi ndi maikolofoni. Ndiyeno mawu otsika, a bambo ofunsa mwana wawo za mluzuwo:

"Wagwira, mwanawe?"

Amalume anakhala pansi osayang'ana pokhala. Loweruka linali lomwelo, koma zogulitsa sanazitchulenso.

M'mudzi anthu amanong'onezana mosiyana. Ena amati munthu woweta, thupi likagona, mzimu wake sugona. Ena amati anali malemu agogo ake a Fanizo, amene anaphunzitsa a Ngozo mluzuwo, poti mawu awo ankafanana. Za matope aja palibe amafuna kuzikamba. A Ngozo, mpaka tsiku limene anatisiya, sanayendenso kapena kulankhula. Ukawafunsa ankangoyang'ana kudenga, mbali yamoyo ya nkhope ikumwetulira.

Lero sipika yoitanira ng'ombe ndi mawu ojambulidwa aja ili pamtengo wa pachipata, kakompyuta kali m'chigubu chodula kuopa mvula, ndipo khola ladzaza mpaka analikuza. Mlendo aliyense Fanizo amamuonetsa timawaya tija, chifuwa chili patsogolo: "Ndinalumikiza ndekha ine." Koma mawu a kumapeto aja anakana kuwadula, ngakhale Zione amatseka makutu. Madzulo alionse amadikira funsolo lifike, n'kuyankha motsitsa:

"Ndagwira, bambo."