Milen ndi Minga ya Beles

Milen asanabadwe, bambo ake anachita lonjezo.
Analonjeza mng'ono wawo, Habtom.
Awiriwa anali paphiri lakwawo, ku Eritrea.
Ankadya beles, chipatso chokhala ndi minga.

"Ndikupita kutali," anatero bambo. "Koma beles sindidyanso. Ndidzadya ndikadzabwera. Tidzadya awiri, pamwala pomwe pano."

"Inu achimwene? Ndi dyera lanulo?" anaseka Habtom.

"Udzaona," anatero bambo.

Zaka zinapita.
Milen anabadwira mumzinda wa Catania, ku Italy.
Anakwawa. Anayenda. Anayamba sukulu.
Mano akutsogolo anaguluka, ena anamera.
Bambo sanabwererebe kwawo.

Bambo ankatsuka mbale mu lesitilanti.
Ankapuma Lamlungu lokha.
Lamlungu likafika ankati, "Milen, vala nsapato. Tikakwere basi."
Amayi ankatsala. Ati misewu ya m'mapiri imawachititsa chizungulire.

Basi inkakwera. Inkakhota. Inkakweranso.
Pamwamba pa phiri pankakhala katauni.
Pakati pa katauni pankakhala tchalitchi.

"Ababa, kwanu ndi kotere?" ankafunsa Milen.

"Ayi. Belu lakwathu sililira ngati poto."

Lamlungu lina, phiri lina.

"Ababa, kwanu ndi kotere?"

"Ayi. Mphepo yakwathu imanunkhira mvula. Iyi ikununkha petulo."

Lamlungu linanso, phiri linanso.

"Nanga kuno, Ababa?"

"Ayi, mwanawe. Kwathu mitambo imadutsa kunsi kwa mapazi. Ili ndi phiri ili? Ichi ndi chulu!"

Milen ankafuna chinthu chimodzi.
Ankafuna bambo adzanene kuti, "Eya."
Kamodzi kokha.

Lamlungu lina kunatentha kwambiri.
Anafika pa katauni ka nyumba zamiyala.
Anakhala pabenchi, pamthunzi.
Foni ya bambo inalira. Anali Habtom.

"Achimwene, beles wapsa! Mukubwera?"

"Chaka chamawa, Habtom."

"Chaka chamawa chanucho chamera imvi! Makaroni akukomerani, eti?"

Bambo anaseka pang'ono.
Anatseka foni.
Kenako anaweramitsa mutu.

Milen anaimirira mwakachetechete.
Anazungulira kuseri kwa tchalitchi.
Kumeneko kunali mpanda wakugwa.
Pampandapo panali beles!
Wina wofiira. Wina wachikasu.
Milen ankamudziwa. Bambo ankamulozera ali m'basi, kenako n'kuyang'ana kumbali.

Milen anasankha wofiira kwambiri.
Anamugwira ndi manja onse awiri.
Anapotokola. Anakoka. Thyo!

Mayo! Manja anayamba kuyaka.
Minga ya beles ndi ing'onoing'ono.
Ndi yopyapyala ngati tsitsi.
Inalowa m'zala. Inalowa m'zikhatho.

Milen sanataye chipatso.
Anathamanga nacho mpaka pabenchi.
Atafika m'pamene analira.

"Mwana wa ku Italy iwe!" anakuwa bambo. "Beles amagwira ndi manja? Kwathu timathyola ndi ndodo ya chitini kunsonga. Ndi mwana woyamwa yemwe amadziwa!"

"Simunandiuzepo," anatero Milen.


Bambo anagwada pansi.
Anayamba kuzula minga.
Munga umodzi. Munga wina. Munga winanso.

Kenako anatulutsa kampeni kawo.
Anadula chipatso kumutu. Anadula kunsi.
Anang'amba khungu pakati.
Manja awo sanaiwale.

"Kwaya, idya," anatero bambo.

"Ayi. Ndathyolera inu."

"Sindingadye, Milen. Ndinalonjeza bambo ako aang'ono. Ndidzadyera kwathu."

"Mudzapita liti?"

"Chaka chamawa."

"Chaka chatha munatero."

Milen anabisa manja kumbuyo.
Minga yambiri inali idakali momwemo.

"Bweretsa manja, mwanawe."

"Ayi. Muyambe mwadya."

"Milen, atupa manjawo!"

"Atupe."

Misozi inkatsika. Mphuno inkatuluka mamina.
Koma manja anali kumbuyo.

Bambo anayang'ana chipatso.
Anayang'ana kutali, kumene kuli nyanja.
Anayang'ana mwana wawo.

Kenako analuma.
Anatafuna pang'onopang'ono.
Anameza ndi njere zomwe.
Madzi ofiira anatsikira m'ndevu.

"Ababa, akukoma ngati wakwanu?"

Bambo anatseka maso.

"Eya," anatero.

Milen anamwetulira.
Anatambasula manja onse awiri.
Bambo anayambanso kuzula minga.
Mutu wawo unali pansi. Mapewa ankagwedezeka.

"Ababa, minga yakubayani inunso?"

"Pang'ono, mwana wanga."

Belu la tchalitchi linalira.
Basi yobwerera mumzinda inafika.
Milen anagona pamwendo pa bambo ake.

Tsiku limenelo bambo anadya beles.
Anadyera pabenchi, ku Italy.
Habtom panalibe.