Mgwalangwa wa a Maliko

"Ababa, panyanja palibe msewu. Inu mumadziwa bwanji njira yobwerera kwathu?"

Upile anafunsa funso limeneli ali wamng'ono, tsiku loyamba kukwera boti la bambo ake, Che Yusufu. Iwo anakweza dzanja. Anangoloza kumtunda, kumene mgwalangwa wautali unaima wokha pamwamba pa bango.

Tsopano Upile anali mu Fomu 2, ndipo mmawa wina anapeza a Maliko, aneba awo olima mpunga ku Bwanje, akunola nkhwangwa pansi pa mgwalangwa womwewo. Mtengowo unali pamalo pa a Maliko. Pambali pawo panaima mayi Bernadeta, katswiri amene anabwera kudzalumikiza netiweki kuchokera ku Mtakataka mpaka kutsidya kwa nyanja, kukachipatala kakang'ono kumene foni sizinkagwira.

"Mukuudula?" anafunsa Upile.

"Madishi awiri otumiza uthenga ayenera kuonana maso ndi maso, lina kuno lina kutsidya," anafotokoza mayi Bernadeta. "Pamene taika mlongoti paja, masamba a mtengowu akutchinga. Tikatsitsa dishi, uthenga umagunda pamadzi n'kusokonekera."

Che Yusufu anatulukira akukoka ukonde paphewa. Atamva nkhaniyo anautaya pansi.

"A Maliko, mwadya chiyani lero? Mtengo umenewu ndi umene timabwerera nawo kwathu!"

"Unamera kwanga, Che Yusufu," anayankha a Maliko osadzutsa mutu. "Mwana wanga Hellen anakwatiwa kutsidyako, ndipo ndi woyembekezera. Mvula ikadula msewu, anamwino adzaitana bwanji ambulansi? Adzakuwa?"

"Nanga ana anga aamuna akakumana ndi mwera pakati pa nyanja, dishi lanulo lidzawapalasa?"

Mayi Bernadeta ananena mofatsa kuti malo ena abwino analipo, pakamtunda pamene Che Yusufu anamanga mathandala oyanikapo usipa. Koma msodziyo anali atapsa kale mtima.

"Mwayamba ndi mtengo, tsopano mukufuna mathandala! Ndipo dishi lanu lachiwiri lija mupeze boti lina lokawolotsera, langa silinyamulanso."

Anatola ukonde wawo n'kumapita. A Maliko anati adula mtengowo mawa lake, anyamata ogwira chingwe akabwera.

Upile anapeza bambo ake kugombe akusoka ukonde mwaukali, ngati kuti ukondewo ndiwo unalakwa. Iye ankaifuna netiwekiyo. Hellen ndiye ankamuluka tsitsi ali mwana. Komanso azichimwene ake awiri ankapita panyanja tsiku ndi tsiku.

"Ababa, kodi a Maliko anakwerapo boti?"

"Amene uja? Madzi amene amawadziwa ndi a m'munda wa mpunga, ofika m'maondo."

"Ndiye mukukangana nawo za chinthu chimene sanachionepo. Ine munandionetsa. Iwo mukungowakalipira."

Che Yusufu anasiya kusoka. Anamuyang'ana mwana wawoyo kwa kanthawi, kenako anapukusa mutu.

"Pita ukawauze kuti dishi ndiwolotsa. Koma mwini nkhwangwa akwere nawo."

Kutacha ananyamuka anthu anayi, dishi litamangidwa pakati pa boti. A Maliko anagwira thabwa lokhalira ndi manja onse awiri.

"Musalifinye choncho, aneba, silikamidwa mkaka," anaseka Che Yusufu.

"Inu yendetsani, zoseka tikasekera kumtunda."

Kutsidya anapeza Hellen akuwadikira pakhonde la chipatala, dzanja lili pamsana. Anamwino anawaonetsa chulu chimene ankakwerapo posakasaka netiweki, foni ataikweza m'mwamba. Che Yusufu anachiyang'ana chulucho, nayang'ananso Hellen. Anathandiza kukweza dishi pamlongoti mpaka thukuta linanyowetsa malaya awo.

Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, mphepo inayamba kuwomba ndipo mafunde anakula. Utsi wa moto wa m'tchire unaphimba mapiri a Dedza. Atafika pakati, Che Yusufu anachepetsa injini.

"A Maliko, tilozereni kwanu."

A Maliko anayang'ana kutsogolo. Gombe lonse linali mzere umodzi wotuwa, bango lokhalokha. Panalibe denga, panalibe msewu. Analoza kumanja, kenako anabweza dzanja n'kuloza kumanzere.

"Uko mukatifikitsa m'matope a mvuu," anatero Che Yusufu, koma ulendo uno sanaseke.

Upile anagwira mkono wa a Maliko n'kuuwongolera pang'onopang'ono. Kutali, pamwamba pa mzere wotuwawo, panali kamutu kakuda kakang'ono ngati kadontho.

"Ndi mgwalangwa wanga uja?" anafunsa a Maliko motsitsa mawu.

"Ndi wanu," anayankha Upile.

Funde linamenya boti, madzi n'kuwathira kumaso. A Maliko sanadzipukute. Maso awo sanachoke pakadonthoko mpaka boti linagunda mchenga.

Atatsika anapeza anyamata a chingwe atafika kale. A Maliko anawauza kuti abwerere, ntchito yasintha. Kenako anakhala pansi pa mgwalangwa, nkhope ili yolemera, poganizira mwana wawo. Atadzutsa mutu anaona Che Yusufu ali pakamtunda paja akuzula nsanamira ya thandala loyamba.

"Mayi Bernadeta!" anakuwa msodziyo. "Mlongoti wanu ukwana apa? Fulumirani ndisanasinthe maganizo."

Ntchito inatenga masiku angapo. A Maliko ndiwo anadula nsungwi zomangira mathandala atsopano kumunsi, ngakhale kuti malowo anali otalikirako ndi nyumba. Tsiku lolumikiza, mayi Bernadeta anakwera pamwamba n'kumatembenuza dishi pang'onopang'ono, Upile ali pansi akuyang'ana timagetsi ta pakabokosi.

"Kamodzi kayaka! Tiwiri! Imani pomwepo, onse ayaka!"

Posakhalitsa foni ya a Maliko inalira. Nkhope ya Hellen inaoneka, akuseka, anamwino akusuzumira kumbuyo kwake. A Maliko anapatsira foniyo Che Yusufu kuti nawonso amuone.

Mayi Bernadeta asanachoke anachenjeza kuti mwera ukhoza kumasula mawaya ogwira mlongoti, dishi n'kupotoka. Panafunika munthu woyang'anira.

"Zomanga mfundo ndi ntchito yanga," anatero Che Yusufu. "Bola ndili moyo, aneba, dishi limeneli silidzasiya kuyang'ana kwa Hellen."

A Maliko anawagwira dzanja, dzanja linalo atatsamiritsa pamgwalangwa.

"Nanenso, mtengo uwu nkhwangwa sidzaukhudza. Ndipo mvula ikagwa ndibzala wina pambali pake, kuti uno ukadzakalamba ana a Upile adzapeze poyang'ana."