Zitheba za Lachiwiri ndi Lachinayi

Tsiku limene anakumana, telala sanali pamakina. Makasitomala anali atatha, ndiye anangokhala kuseri kwa tebulo lodulirapo nsalu, mbale ili pamiyendo, akudula zitheba ndi sizasi.

"Odi! Kodi muno mumasoka ndi ndiwo zomwe?"

Anatukula mutu. Pakhomo panaima mwamuna wamtali, atavala ovolosi yabuluu, chikwama cha zipangizo chili paphewa, thalauza lofa zipi lili m'manja.

"Mukabweretsa muyezo wa mimba yanu, tisoka," anayankha telala osaseka.

Mwamunayo anaseka mpaka kugwira chitseko. Anati amakonza mafiriji m'masitolo a mumsewu womwewo. Thalauza analiika patebulo, koma maso anali pambale.

"Mpeni unakulakwirani chiyani, asisi?"

"Dzanja langa linazolowera sizasi. Iyi inakalamba, nsalu siidulanso, ndiye ndinaipatsa ntchito ya kukhitchini."

Inali sizasi yakuda, yomangidwa ulusi wofiira pachogwirira kuti isasokonekere ndi zinzake. Telala ankachotsa nsonga, kenako n'kudula chitheba chilichonse mopendeketsa, ngati mmene amadulira kansalu kozungulira khosi la diresi.

"Zodula chonchi zimapsa msanga," anatero. "Ine ndimaweruka nditatopa, sindifuna ndiwo zondichedwetsa."

"Ndiye tigwirizana. Inenso ndine munthu wosowa nthawi."

Apo ndiye ananena zoona. Pa zonse zimene anadzalankhula chaka chonse chotsatira, mawu oona anali omwewo basi.

Zipi ya thalauza lija inafa katatu m'mwezi umodzi. Zipi yanji yotero? Ulendo wachitatu telala anamuuza kuti asiye kuzunza thalauza, anene chimene akufuna. Ananenadi, ndipo pakamwa pake panali potsekemera.

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Duwa langa, lero ndakonza mafiriji asanu, onse akuzizira. Koma mtima wanga wakana, ukungotentha chifukwa cha iwe." Telala ankawerenga, n'kuika foni pansi, n'kuitolanso kuti awerenge kachiwiri.

Kunyumba kwa telala mwamunayo ankabwera Lachiwiri ndi Lachinayi, sikisi koloko madzulo. Ikamakwana seveni anali atavala kale nsapato. Nanga Loweruka ndi Lamlungu?

"Ndi masiku amene mafiriji amakonda kufa, wokondedwa. Nyama za eni ake zikawola, wotukwanidwa ndine."

Ndiye chakudya chinayenera kukhala cha changu. Mpunga telala ankaphikiratu m'mawa, nkhuku ankangotenthetsa ya dzulo, koma zitheba zokha ankaphika mwamunayo alipo, ataima pafupi ndi sitovu.

"Madzi awire kaye, muthire mchere. Zitheba zikalowa, mphindi zitatu zokha."

"Zitatu basi?"

"Mukapitirira zimalobodoka, mtundu n'kufa. Mukatsanula, muzithire madzi ozizira kuti zikhale zobiriwira. Kenako m'chiwaya: timafuta pang'ono, adyo, kaanyezi. Muzitembenuza osasiya. Pomaliza ndimu."

"Iwe ndiwe ndimu wa moyo wanga."

"Ndimu ndi wowawasa, bambo."

"Koma popanda iye zonse n'zozizira!"

Mphindi khumi, mbale zili patebulo. Ankadya akumuyang'ana m'maso, ndipo telala, amene zaka zambiri anadya yekha ataimirira, ankamva ngati nyumba yake yakula.

Mkulu wake wa telala, amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, sanachedwe kumupatsa dzina.

"A Mame abwera lero? Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iwe mng'ono wanga, kwawo unafikako?"

"Amakhala ndi anzake atatu m'chipinda chimodzi. Amachita manyazi."

"Manyazi! Pakudya sachita manyazi."

Dzina lija linamatirira. Koma a Mame anadziwa potsekera pakamwa pa aliyense. Tsiku lina anamugwira telala manja onse awiri, madzi a zitheba akuwira kumbuyo kwawo.

"Kumapeto kwa mwezi wamawa ndikupita ku maphunziro a mafiriji atsopano, sabata ziwiri. Ndikangobwera, tikaonane ndi amayi ako. Ndalumbira, mtima wanga. Wina kupatula iwe palibe."

Telala anaimbira mayi ake tsiku lomwelo. Mayi anasangalala mpaka kuyamba kufunsa ngati mkamwini wawo amadya tsabola.

Madzulo omwewo, povala nsapato, a Mame anapempha chinthu chimodzi.

"Undipatse kasizasi kako kaja. Masiku amene sindili kuno ndiziphika ndekha, ndizikukumbukira."

Anawapatsa. Kuyambira pamenepo, iye zitheba zake ankadula ndi mpeni.

M'masiku omwewo telala anali ndi ntchito yaikulu: diresi laukwati la namwino wina, mtsikana wansangala, wolankhula ngati wailesi. Lachisanu lina namwinoyo anabwera kudzayesa diresi kachiwiri, ukwati utatsala sabata imodzi ndi tsiku.

"Asisi, ndidye kaye. Kuyambira m'mawa sindinalawe kanthu, odwala anachuluka."

Anatsegula kakontena. Fungo la adyo ndi ndimu linadzaza mushopu. Pambali pa mpunga panali zitheba zobiriwira bwino, chilichonse chodulidwa mopendeketsa.

"Talawani! Waphika ndi mwamuna wanga wa mawayu. Wandibweretsera kuntchito."

"Amatha kuphika?" Mawu a telala anatuluka bwinobwino, ngati akufunsa za utali wa mkono wa diresi.

"Zitheba zokhazi! Mphindi khumi zatha. Ndipo simungakhulupirire, amadula ndi sizasi! Ali ndi kasizasi kakuda komangidwa ulusi wofiira. Akuti kanali ka malemu mayi ake, salola munthu kukagwira."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amakonza mafiriji. Lachiwiri ndi Lachinayi ndimakhala pa shifiti yamadzulo, ndiye amakadya kwa anzake, womvetsa chisoni. Koma Loweruka ndi Lamlungu ndi wanga yense. Ukwati ukatha tichokapo sabata ziwiri, tikapume. Dikirani ndikuonetseni."

Anamuyandikizira foni. A Mame anali kumwetulira, atavala malaya amizeremizere amene telala anawasokera yekha pa tsiku lawo lobadwa.

"Ndi wooneka bwino," anatero telala.

Anadikira kuti mtima umupweteke. Sunapweteke. Anadikira misozi, osabwera. Anangomva ngati makutu atseka, monga zimachitikira munthu akalowa m'madzi. Anaika mapini pakamwa, n'kugwada, n'kuyamba kupinda m'munsi mwa diresi.

"Tatembenukani pang'ono. Imani mowongoka."

"Asisi, mwadzibaya! Magazi!"

Anayang'ana chala chake. Analidi magazi. Anachikulunga ndi kansalu kuti asadetse diresi la mwini wake, n'kupitiriza.

Loweruka anasoka tsiku lonse. Lamlungu anasokanso. Chakudya ankadya chifukwa nthawi yakwana, osamva kukoma kapena kuipa. Meseji inalowa: "Nthiti yanga, ndili mkati mwa firiji ya sitolo yaikulu, ndikunjenjemera. Ndikanakhala m'manja mwako!" Iye anayankha kuti, "Chabwino."

Atamuuza mkulu wake, mkuluyo analumpha ngati waponda moto.

"Galu ameneyo! Ling'ambe diresilo! Lidule tizidutswatizidutswa umutumizire!"

"Nsalu yalakwa chiyani?"

"Ndiye lira, mwana wa mayi anga. Tukwana! Ukungondiyang'ana ngati chidole cha pawindo la shopu yako."

"Ndayesa, akulu. Sizikubwera."

Lachiwiri a Mame anafika pa nthawi yake, ali ndi maluwa awiri ofiira. Telala anawiritsa madzi, anathira mchere, anawerenga mphindi zitatu. Manja ankadziwa okha chochita. Mwamunayo anadya akuyamikira, anamutcha duwa, anamutcha mfumukazi, ananenanso za maphunziro aja ndi za amayi.

"Lero uli phee. Watopa, wokondedwa?"

"Ndili ndi diresi lofunika kumaliza."

"Usamadziphe ndi ntchito. Ndikakukwatira uzidzapuma."

Telala anamuyang'ana pakamwa mawuwo akutuluka. Kodi munthu amanama bwanji chonchi, chitheba chili m'kamwa, osatsamwa? Anafuna kudana naye, koma ngakhale chidanicho sichinapezeke.

Atachoka, anatsuka mbale, n'kukhala pampando. Anaganiza za namwino uja, mmene ankadzizungulira pagalasi akuseka. Iyeyo analakwa chiyani? Loweruka adzaima pamaso pa anthu atavala diresi loyera, osadziwa kanthu, ndipo wosoka diresilo akudziwa zonse. Anatenga foni.

"Diresi lanu latha. Koma mudzatengere kunyumba kwanga Lachinayi, sikisi koloko itapitirira pang'ono."

"Lachinayi ndili pa shifiti, asisi."

"Sinthanani ndi mnzanu. Mubwere nokha, musatume munthu."

Lachinayi anaika mbale zitatu patebulo. Diresi analipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, lili m'pulasitiki. A Mame anavula nsapato pakhomo monga mwa masiku onse, n'kubwera kudzamukumbatira chakumbuyo ali pasitovu.

"Mbale yachitatuyi ndi ya ndani? Akulu akudya nafe?"

"Kukubwera mlendo. Tatembenuzani zithebazi, zingapserere."

Anatenga chiwaya akuimba kanyimbo. Adyo anali atayamba kununkhira pamene kunja kunamveka mawu.

"Odi, asisi! Koma nsapato izi zikufanana ndi za..."

Namwino anaima pakhomo la khitchini, yunifolomu ili m'thupi. Anayang'ana mwamuna wa masokosi okhaokha, chiwaya chili m'manja. Anayang'ana zitheba zodulidwa mopendeketsa. Anayang'ana mbale zitatu.

"Kwa anzako kuja ndi kuno?"

"Wokondedwa, ndifotokoze..."

Akazi onse awiri anatembenuka. Mwamunayo anaona zimenezo, ndipo pakamwa paja, potsekemera chaka chathunthu, panauma gwaa. Paja fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Asisi," namwino anafunsa, "kuyambira liti?"

"Chaka chatha, mwezi ngati uno. Ine ndadziwa Lachisanu, mutatsegula kontena. Sizasi ija ndi yanga. Ulusi wofiira ndinamanga ndekha."

"Anati ndi ya malemu mayi ake!"

"Mayi ake ali moyo. Kwa ine anati akudwala miyendo, n'chifukwa chake sindinawaonebe."

Namwino analira mokweza, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa. Anavula mphete, naiika m'mbale yachitatu ija, n'kutuluka. Diresi sanalifunse. A Mame anaika chiwaya pansi, anayang'ana kukhomo, anayang'ana telala, osadziwa kothamangira. Mapanga awiri avumbwitsa.

"Duwa langa, iwe ndiye weniweni. Ujayu anangondikakamiza abale. Ndipatse mphindi zisanu zokha!"

"Seveni yakwana," anatero telala. "Valani nsapato."

Inali isanakwane, koma anavala. Telala anazimitsa sitovu. Zitheba zinali zitada mbali imodzi. Anadya zomwezo ataimirira, ndipo sanamve ngakhale kuwawa kwa zopserera.

M'mawa mwake anaimbira mayi ake.

"Amayi, mlendo uja sabweranso."

"Chachitika n'chiyani, mwanangu?"

"Anali ndi kwina."

Mayi anangofunsa ngati akudya. Iye anati akudya.

Loweruka linadutsa popanda ukwati. Mameseji anapitiriza kubwera, ena a "ndikhululukire", ena a "ndifa popanda iwe". Telala sanawafufute, sanawayankhe. Ankangowaona ngati mapepala a malonda amene anthu amaponya pansi pa chitseko.

Lolemba masana namwino analowa mushopu, maso ali otupa. Anaika kakontena kaja patebulo lodulirapo nsalu. Mkati munali sizasi yakuda ya ulusi wofiira.

"Ndinakaitenga pokatenga katundu wanga. Ndi yanu."

"Zikomo. Diresi lija?"

"Lisungeni kaye. Sindingathe kuliona." Anafika pakhomo n'kutembenuka. "Ndinakukwiyirani masiku awiri, asisi. Tsiku lachitatu ndinasiya. Inu mwalira?"

"Ayi."

"Ndimawaona otero kuchipatala. Bala lalikulu silipweteka pomwepo."

Lachiwiri telala anaweruka pa nthawi yake. Anagula zitheba panjira, anafika kunyumba, anateleka madzi. Anakhala pampando ndi sizasi yake yakale, n'kuyamba kudula msangamsanga, diso lili pa wotchi ya pakhoma. Sikisi koloko inatsala pang'ono. Madzi anawira, anathira mchere, anatsitsa mbale pashelefu.

Atatembenuka kuti aziike patebulo, m'pamene anaona kuti watsitsa ziwiri. Zitheba nazonso anali atadula za anthu awiri.

Ankathamangira ndani?

Anakhala pansi pakhitchini pomwepo, mbale ziwiri zili pachifuwa, ndipo chinthu chija chimene chinatseka kuyambira Lachisanu la mapini chinatseguka. Analira mpaka mkulu wake anamva kuseri kwa khoma, nabwera akuthamanga wopanda nsapato.

Mkuluyo sananene kuti ndinakuuza. Anachepetsa moto, anathira zitheba m'madzi, n'kukhala pansi pafupi naye.

"Paja umati mphindi zingati?"

"Zitatu," anayankha telala akusisima.

"Lero zipse mmene zifunire. Mbale inayo ndipatse ine."