Womasula Mabawuti

Mabawuti anayi anali atayalidwa bwinobwino pachiguduli, ndipo injini inali pansi, yofunditsidwa saka. Mapewa anaima pachisakasa kukamwa kuli yasa, chifukwa dzulo lake iye mwini anaimanga injiniyo kumbuyo kwa boti mpaka sipanala kumutupitsa chikhatho.

Dzinali anamupatsa asodzi anzake kaamba ka kupalasa, koma tsopano phewa lakumanja linali litakana nkhafi. N'chifukwa chake anagula kainjini ka batire, kaja koyenda mwakachetechete kosabalalitsa nsomba, naboola thabwa lakumbuyo la boti limene bambo ake anakhoma kalekale. Popanda kainjiniko, ntchito ya pamadzi inali itamuthera.

"Wakuba wanji wosiya katundu n'kumufunditsanso?" ananong'ona mkazi wake.

Mapewa anamanganso. Usiku wotsatira mkaziyo anamva chinthu chikukhwekhwerezeka pabwalo, khwee, n'kupuma, khwee, n'kupumanso. Galu sanauwe. Kutacha, mabawuti anali pachiguduli paja, ndipo pafumbi panali mkukuluzi wotakata, pambali pake zidindo za dzanja limodzi lokha.

Mphekesera siichedwa. Ena ankati ndi nsanje ya asodzi anzake, ena ankati ndi ng'ona yochita kutumidwa, ngakhale palibe anafotokoza kumene ng'onayo inaphunzirira sipanala. Mapewa ankaseka nawo, koma mumtima mantha anali atamugwira.

Tsiku lachitatu anabisala kuseri kwa maukonde, nkhafi ili m'manja. Mdima unali wa ndiweyani. Anamva phokoso lija likuchokera cha kunyumba, likuyandikira pang'onopang'ono, pamodzi ndi kupuma kwa befu ndi kachitsulo kogunda pamano. Chinthucho chitafika paboti, bawuti loyamba linalira. Mapewa anatukula nkhafi ndi dzanja lake lamphamvu, nayatsa tochi.

"Mayo ine! Ababa!"

Anali bambo ake, amene chiwagwireni sitiroko zaka ziwiri zapitazo sankayenda kapena kulankhula. Anali chafufumimba, maondo ali magazi okhaokha, mwendo wakufa ukukokeka m'mbuyo. Mkazi wa Mapewa anatulukira akuthamanga, nangogwira pakamwa.

"Ababa, mukundipheranji ntchito? Ndidyetsa chiyani ana?" anafunsa Mapewa.

Nkhalambayo sinamuyang'ane n'komwe. Inagogoda thabwa la m'mbali ndi sipanala, ndipo linalira ngwee. Inagogoda lakumbuyo lija, likangoti phu. Kenaka inakankha sipanalayo pakati pa mabowo, ndipo inalowa yonse ngati mumbatata yophika. Kuseri kwa penti wonyezimirayo kunayamba kukhuthuka ufa wa thabwa lofumbwa. Chidutswa chonse chinathyoka, injini n'kugwera pansi.

Mmisiri amamva ndi khutu. Ali chigonere m'chipinda mwawo, bambowo anamva mmene choboolera chinalowera mosavuta tsiku lija, koma analibe pakamwa ponenera.

"Bambo a mwana," anatero mkaziyo, "si paja mumati Loweruka mukayesa injini pakati pa madzi, mwana wathu atakhala kumbuyoko?"

Mapewa anatembenuka. Bambo ake anali akumuyang'ana tsopano, osati kumaso, koma m'mwamba pang'ono. Apo ndi pamene anazindikira kuti nkhafi ija anali asanaitsitse.