Mawu a Liezel M'kamwa mwa Mkazi Wina

Lachiwiri lililonse m'mawa, kanyumba ka kanema ka pa ngodya ya msewu wa kwawo kwa Liezel mumzinda wa Winnipeg kankakhala ka amayi oyamwitsa. Nyali sankazimitsa zonse, mawu ankatsitsa, ndipo mwana akalira panalibe wotembenuka kudzakuponyera diso loipa. Makanema ake anali ochokera kutali, oti uziwerenga mawu olembedwa m'munsi mwa chinsalu kuti umve nkhani. Liezel sankawerenga n'komwe. Maso ake ankangokhala pamphuno pa Tala, mwana wake wa miyezi itatu, kuona ngati akupuma.

Tsiku lina chikuku cha mwana chinatitimira m'chipale chofewa pakhomo penipeni.

"Dikirani ndikunyamulireni kutsogoloku," anatero mwamuna wina wamtali, wovala chipewa chaubweya chong'ambika pakhutu.

Liezel anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Mwamuna wopanda mwana akufunanji ku kanema wa amayi?

"Wanu ali kuti?" anafunsa, manja ali gwa pachikuku.

"Ndilibe. Dzina langa ndine Anders Wiebe. Masiku enawa muno anthu amakhala duu ngati pamaliro. Lachiwiri ndiye mumakhala moyo."

"Ndiye mumakonda kulira kwa ana a eni?"

"Kwambiri. Makamaka poti thewera sindisintha ndine."

Liezel anaseka mosafuna. Anali ataiwala kuti kuseka kumamveka bwanji pachifuwa.

Mayi Kowalchuk, ogulitsa matikiti, anamunong'oneza akumupatsira mbuliwuli. "Ameneyo amapanga makanema ang'onoang'ono, mwanawe. Saluma. Kungoti amamvetsera kwambiri, mpaka umachita kudzimva ngati munthu wofunika."

Kuyambira pamenepo, kanema akatha ankapita kukamwa tiyi pafupi pomwepo. Anders ankavula chipewa, n'kuika foni yake chafufumimba patebulo, n'kunena kuti, "Ukamalankhula iwe, dziko lonse lidikire." Liezel ankachita manyazi. Ndani anamuuzapo zotere?

Mauthenga ankabwera m'mawa uliwonse akusambitsa mwana.

"Wadzuka bwanji duwa langa la m'chipale? Kabwana kathu kagona?"

"Kabwana kathu." Mawu awiri amenewa Liezel ankawawerenga mobwerezabwereza mpaka madzi a mwana kuzizira.

Komabe mtima wake unali wamantha. Kunyumba kwake sankamulowetsa. Kwa amayi ake sanamutchuleko. Ankaona mmene Anders akunyamulira Tala, ngati akugwiriza khosi bwino, ngati akunyansidwa mwana akamubwezera mkaka paphewa. Sanamupeze chifukwa.

"Ukundiopa chiyani, wapamtima?" anafunsa Anders masana ena, Tala ali m'tulo.

Tsiku limenelo Liezel anamasuka, nanena zimene anali asanauzepo munthu.

"Kuchipatala kuno satulutsa mwana wopanda mpando wake wa m'galimoto, ukudziwa. Bambo ake a Tala anati, ‘Ndikukatenga mpando, ndikubwera.’ Ndinamuveka mwana, ine n'kuvala nsapato, n'kukhala pabedi kuyang'ana chitseko. Chitseko chikatseguka ndinkaimirira. Mpaka namwino anandibweretsera mpando wothimbirira umene anthu ena anasiya. Sanandifunse kanthu. Kusafunsako n'kumene kunandipweteka."

"Nanga amayi ako?"

"Anali akudwala nthawi imeneyo, sindinafune kuwawonjezera. Ndinawauza kuti wapita kukagwira ntchito kutali, ku Alberta. Mpaka lero amamupatsira moni."

Anders anamugwira dzanja, maso ali jenjenje ndi misozi. "Mawu amenewa athera pompano. Ndawakwirira. Ndipo ine ndikati ndikubwera, ndidzabweradi."

Chipale chinasungunuka, chinagwanso. Tala anayamba kuyenda chogwira mipando, akumutchula Anders kuti "Ada". Liezel anatsimikiza mtima kuti nthawi yakwana yokamuonetsa kwa amayi.

Ndiye Lachiwiri lina anaona dzina la Anders pachikwangwani cha pakhomo pa kanyumba ka kanema kaja. Lamlungu masana kudzaonetsedwa makanema afupiafupi a opanga a mumzinda momwemo, ndipo wake unali womaliza. Bwanji sanamuuze?

"Mbala iwe, wandibisira kanema wako," anamulembera.

Yankho linachedwa. "Usavutike duwa langa, n'kachabechabe. Ndidzakuonetsa tili awiri."

Liezel anamwetulira. Manyazi a anthu aluso! Anaganiza zomudzidzimutsa. Lamlungu anasiya Tala kwa msuweni wake, natenga amayi ake, Mayi Dizon.

"Mnyamata wakeyo amadya bwino?" anafunsa Mayi Dizon ali m'basi. "Opanga makanema amakhala oonda ngati ndodo. Nanga bambo a Tala akamva?"

"Tikambirana kunyumba, Amayi. Ingomuonani kaye."

Analowa nyali zitazima kale, nakhala chakumbuyo. Makanema oyamba anadutsa, wina wa nsomba, wina wa munthu wongoyenda osafika. Mayi Dizon ankangodya mbuliwuli uku akudandaula kuti palibe amene akukwatirana.

Kenako panabwera wa Anders.

Pachinsalu panaoneka mtsikana atakhala pabedi la kuchipatala, nsapato kumapazi, khanda m'manja. Chitseko chinatseguka, mtsikanayo anaimirira. Sanali amene ankamudikira. Anakhalanso.

Liezel anaizindikira nkhaniyo.

Mtsikana uja anayamba kulankhula. "Namwino anandibweretsera mpando wothimbirira umene anthu ena anasiya. Sanandifunse kanthu. Kusafunsako n'kumene kunandipweteka."

Mawu a Liezel enieni, osasintha ngakhale limodzi. Mpaka pamene iye anaima kuti ameze malovu, mtsikanayo anaimanso pomwepo. Munthu angaloweze pamtima mpaka kameza malovu ka mnzake? Liezel anakumbukira foni ija, chafufumimba patebulo, nthawi zonse pafupi ndi kapu yake. Inkajambula.

Pachinsalu mtsikana uja anaimbira amayi ake. "Wapita kukagwira ntchito ku Alberta, Amayi. Akuti moni."

Dzanja la Mayi Dizon linaima m'thumba la mbuliwuli. Silinatulukenso. Liezel sanathe kutembenuka kuti awayang'ane.

Nyali zitayaka anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali. Monga mwa chizolowezi cha pamalopo, opanga makanema anakakhala kutsogolo kuti ayankhe mafunso, Mayi Kowalchuk n'kumayendetsa maikolofoni m'mizere. Anders anali atavala jekete limene Liezel anamusokerera batani.

Bambo wina wa magalasi anafunsa kuti mwamuna angalembe bwanji mawu a mkazi momveka chonchi.

Anders anaseka pang'ono. "Ndinakhala nthawi yaitali ndikubwera muno Lachiwiri, pa kanema wa amayi. Ntchito yathu ndi kudekha. Munthu sakupatsa zakukhosi tsiku loyamba. Umayenera kumupangitsa kuti akukhulupirire kaye."

Anthu anagwedeza mitu mosirira. Wina anati, "Luso limenelo."

Liezel anangoona dzanja lake lili m'mwamba. Mayi Kowalchuk atafika n'kuona nkhope yake, anazengereza, koma anamupatsa maikolofoni.

"Funso langa likupita kwa bambo Wiebe," anatero. "Mkazi ameneyo ankadziwa kuti foni ikujambula?"

Anders anatchinga kuwala ndi dzanja kuti aone wolankhula. Nkhope yake inagwa.

"Liezel..."

"Yankhani, bambo. Ino ndi nthawi ya mafunso."

Liezel anadikira. Akanangoti inde ndi iyeyo, ndamulakwira, ndimamukonda, mwina mtima ukanapeza pogwira. Anders anayang'ana anthu onse aja, anayang'ana anzake opanga makanema, kenako anayang'ana pansi.

"Si munthu weniweni," anatero. "Ndi akazi ambiri, ndinangophatikiza."

Liezel anabweza maikolofoni mwaulemu, natuluka. Kumbuyo kwake ankamva mapazi a amayi ake.

Anders anawapeza pakhomo, akupuma mwawefuwefu, wopanda chipewa.

"Wapamtima, ndimvere kaye. Poyamba ndinkafuna nkhani, sindikana. Koma kenako ndinakukondadi. Ndimafuna kukuuza, ndinkangoopa kukutaya."

"Unalira nane tsiku lija," anatero Liezel motsitsa. "Ukulira choncho, foni inkajambula?"

Liezel sanadikire yankho.

"Tala amakutchula dzina. Mwana wanga amaimirira pawindo akaona chipewa chonga chako. Naye ali m'foni mwakomo?"

"Sindinagwiritse ntchito za Tala."

"Koma zilimo."

Anders anayandikira. Anayesa kumugwira mkono, koma Mayi Dizon analowa pakati pawo, kamayi kakafupi kofika pachifuwa pake.

"Ndinakuphikirani chakudya kunyumba, achimwene," anatero modekha. "Mwana wanga anati mukubwera. Bwererani mkati, anthu anu akudikira. Musatitsate."

Liezel ndi amayi ake anayenda mpaka pokwerera basi. Mphepo inkaluma masaya. Foni ya Liezel inanjenjemera m'thumba, inanjenjemeranso, iye osaigwira. Ankadikira kuti amayi akalipe. Chaka chonse cha bodza, moni wonse uja wopita kwa munthu woti anathawa kalekale, n'kudzamvera pachinsalu pakati pa anthu achilendo. Ayambira pati?

Mayi Dizon anamutembenuza, namumangira batani la pakhosi limene anaiwala.

"Unakhala pabedi paja wekha?" anafunsa.

"Eya, Amayi."

"Nsapato utavala?"

Liezel anangogwedeza mutu.

"Mwana wopusa iwe," anatero Mayi Dizon, misozi ikutsika. "Ngakhale ndinkadwala, ukanandiimbira. Ndikanakwawa, mpandowo ndikanabwera nawo ine."

Basi inafika, inatsegula chitseko, inadikira pang'ono, n'kunyamuka yopanda iwo. Liezel anali atabisa nkhope m'jekete la amayi ake, akulira ngati mmene analephera kulirira tsiku lija kuchipatala.